Kuchekenira mapepala a mawu olimbikitsa kuti mutu upumeko, olo kunja kukuotcha

Anthu ambiri amene anayesapo zochekenira mapepala a mawu olimbikitsa aja amasiyira panjira, ndipo zifukwa zake zimakhala zomwezomwezo. Wina wapeza chithunzi pa foni, wapita nacho kopulintitsa, pepala latuluka mizere yake ili mbuu osaoneka bwino. Wina wagula makrayoni wawasiya pawindo masana onse, pofika madzulo apindika, ena amatirirana. Winanso zonse zayenda bwinobwino koma mawu ali papepalapo ndi achizungu, akuti ndiwe mfumukazi, ndiwe wolemera, pomwe mwini wake akuganiza za ngongole ya banki m'khonde yofunika Lachisanu, nde mmalo mopepukidwa mtima akungoona kuti akudzinamiza.

Zinthu zake ndi zophweka. Pepala limakhala ndi mawu ochepa olembedwa mzilembo zikuluzikulu zosadzaza mkati, mmbali mwake muli maluwa, masamba kaya timizere tokhotakhota, inu nkumadzaza mitundu pang'onopang'ono uku mawu aja mukuwaona. Dzanja likakhala bize ndi kantchito kobwerezabwereza mutu umasiya kaye kuthamanga. Ngongole sibwezedwa ndi chekeni ayi, koma mphindi 20 zopuma kuganiza kwambiri, kwathu ku chigwa cha Shire kuno komwe kutentha pakokha kumakwiyitsa munthu, si zochepa.

ZOFUNIKA KUKHALA NAZO

- Mapepala oyera a A4, omwe aja a fotokope. A mkope la mizere amathekanso koma ndi opyapyala ndipo mizereyo imasokoneza maso.
- Mapensulo a mitundu, paketi ya 12 yakwana. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje kuno mapensulo amaposa makrayoni a phula, chifukwa phula likatenthedwa limafewa, limathyoka msanga komanso limasiya zotupatupa papepala.
- Pensulo wamba ya HB, labala, ndi shapena kapena lezala.
- Bolopeni yakuda yolemba bwino, osati yodontha.
- Chotsamira cholimba komanso chosalala: chikuto cha hadikava, thireyi, olo katoni yokhuthala. Pa mkeka kapena pa simenti yokhakhala simungachekenirepo, zonse za pansizo zimatulukira papepala.
- Kapepala kena koika pansi pa dzanja, ndi kansalu kopukutira thukuta.
- Mbale, kapu ndi chitsekero cha botolo, ngati mukufuna kujambula nokha.
- Mapegi awiri oyanikira zovala.
- Fayilo ya pulasitiki kapena jumbo yolimba yosungiramo.
- Madzi akumwa pafupi.

1. SANKHANI MAWU KAYE, CHITHUNZI PAMBUYO

Apa ndi pamene ambiri amaphonya nde tikhalapo pang'ono. Mawu amene mukhale mukuwayang'ana kwa mphindi 20 kapena 30 akuyenera kukhala oti mtima wanu ukuwavomera. Mu 2009 ofufuza a pa yunivesite ya Waterloo ku Canada, motsogozedwa ndi Joanne Wood, anauza anthu kuti azibwereza mawu onena kuti iwowo ndi munthu wokondeka. Amene ankadzikhulupirira kale anamvako bwino pang'ono, koma amene ankadziona ngati achabechabe anamva kuipa kuposa anzawo amene sanabwereze mawuwo. Nzosadabwitsa, ukanena chinthu chimene sukuchikhulupirira mkatimu mumadzuka kaliwu kotsutsa, ndipo kamabwera ndi umboni wake wonse, ngongole, mayeso olephera aja, zonena za apongozi, zonse.

Nde yesani chonchi. Nenani mawuwo mokweza kamodzi. Mukamva kaliwu kaja kakuti "bodza", atsitseni mpaka afike poti mungavomere. "Ndine wolemera" asanduke "Lero ndichita zomwe ndingathe". "Sindiopa chilichonse" asanduke "Mantha ndili nawo koma ndikuyendabe". Munthu wa ku Makhanga ku Nsanje amene anathawa madzi mu Januwale 2015, nkudzathawanso a namondwe Freddy mu Malichi 2023, musamupatse pepala lakuti madzi sadzabweranso, ameneyo Shire ndi Ruo akuwadziwa kuposa wolemba pepalalo. Koma "Ndinadutsamo, ndilipo" ndi zoona, kaliwu kaja kalibe poyambira.

Ena oti mungayambire ndi awa:

- Kupuma si ulesi
- Ndine munthu, ndimatopa
- Ndikhoza kupempha thandizo
- Za lero zokha basi
- Pang'onopang'ono ndi mtolo
- Kuona maso a nkhono n'kudekha

Miyambi imagwira bwino chifukwa tinaimva kwa agogo tisanayambe kukayikira zinthu. Ena amatenga kavesi kamene amakakonda kale ku tchalitchi kaya ku mzikiti, palibe vuto, bola kakhale kafupi. Mawu asapitirire asanu kapena asanu ndi limodzi, akachuluka zilembo zimachepa ndipo simupezanso pochekenira.

Chilankhulo chake lembani chomwe mumadzikalipira nacho mukalakwitsa. Ngati mumtima mumayankhula Chisena lembani Chisena, ngati ndi Chimang'anja chomwecho, musadandaule za sipelo palibe aphunzitsi adzachonge. Ena zimawayendera akayamba ndi dzina lawo, "Iwe uje, pumako", mmene mungayankhulire ndi mng'ono wanu amene mumamukonda.

Chenjezo: pali mawu omveka bwino koma omangirira munthu pa zoipa. Asisi, ngati kunyumba mukumenyedwa, musachekenire zoti banja ndi kupirira. Pamenepo pakufunika ankhoswe, amfumu kapena a Victim Support Unit ku polisi, osati maluwa a papepala.

2. KUPEZA PEPALA PA INTANETI NDI KUPULINTA

Mukasaka pa Google lembani affirmation coloring pages printable, kapena mandala coloring pages ngati mukufuna zojambula zokha zopanda mawu. Zituluka zambirimbiri, musakopeke ndi zokongola kwambiri zija za timizere ting'onoting'ono tothinana. Pa foni zimaoneka bwino koma papepala maso amawawa, pensulo siilowa mtimipatamo, ndipo tsiku lachitatu mudzakhala musanafike ndi theka lomwe. Sankhani za mizere yokhuthala ndi mipata yoti nsonga ya chala ikhoza kukwanamo.

Musapange sikirinishoti. Ichi nde chimatulutsa mizere ya mbuu ija, chifukwa chithunzi cha pa sikirini ya foni ndi chaching'ono, akachikuza kufika pa A4 chimaphwasuka. Dawunilodani chithunzi chenichenicho, ndipo mukapeza PDF ndi bwino kwambiri. Masamba ena ali ndi mabatani a Download anayi asanu, ambiri ndi otsatsa malonda, mukaona akufunsa nambala ya foni kapena akuti muike kaye app ina, tulukanimo musake pena, bandulo isathere pamenepo.

Potumiza kwa wopulinta pa WhatsApp tumizani ngati Document osati ngati chithunzi wamba, chifukwa WhatsApp imafinya zithunzi kuti zipepuke nde mizere imaonongeka.

Mukafika pa siteshonale, kaya pa Dyeratu, pa Nchalo, pa Ngabu, ku Bangula kaya ku Nsanje Boma, chitani izi:

Funsani makina omwe akugwiritsa ntchito. Pulinta ya inki yamadzi, thukuta likangodonthera mzere umasungunuka nkudetsa mtundu wachikasu wanu uja. Makina a fotokope ndi pulinta ya laser amagwiritsa ntchito inki ya ufa yomwe imamatidwa ndi kutentha, imeneyo siisungunuka ndi thukuta. Ngati ali ndi ya inki yamadzi yokha, pulintani limodzi kenako mulipange fotokope, muzichekenira pa fotokopeyo.

Auzeni apulinte limodzi kaye muone. Onani ngati chithunzi chakwana papepala osaduka mmbali, chikaduka auzeni asankhe Fit to page. Apulinte mbali imodzi yokha, kuseri kukhale koyera, mudzakufuna.

Pepala loyambalo musalichekenire, limenelo ndi mbewu. Lisungeni mufayilo, mukafuna ena muzingopanga fotokope, simufunikanso bandulo kapena netiweki.

Nanga mawu achizungu aja? Dulani kapepala koyera, kamateni pamwamba pa mawuwo, lembani anu ndi bolopeni yakuda mzilembo zosadzaza mkati, kenako pangani fotokope. Latuluka pepala la maluwa a kunja koma mawu a kwanu.

3. NGATI KOPULINTA NKUTALI, JAMBULANI NOKHA

Kukwera kabaza kuchoka kumudzi kukapulintitsa pepala limodzi, mwinanso nkukapeza magetsi azima, si nzeru. Kujambula nokha kumatheka olo kusukulu simunali katswiri wa zojambula.

Chofunika ndi choti pakhale mizere yoti muzitsata. Mu 2005 Nancy Curry ndi Tim Kasser ku America anayesa ophunzira a pa koleji, anawachititsa kaye nkhawa kenako nkuwapatsa mphindi 20 zochekenira. Amene anapatsidwa chojambula chozungulira chija amati mandala, ndi amene anapatsidwa cha timabokosi, nkhawa zawo zinatsika kuposa amene anangopatsidwa pepala loyera kuti apange zomwe akufuna. Pepala loyera limakufunsa mafunso, ndijambule chani, ndiyambire pati, nde mutu uja wayambanso ntchito. Choncho kujambula chitani tsiku lina, kuchekenira tsiku linanso.

Zilembo: lembani mawu anu ndi HB mopepuka, zilembo zazikulu, motalikirana kuposa mmene mumalembera masiku onse. Kenako zungulirani chilembo chilichonse ndi mzere, kusiya kampata ka theka la sentimita mbali zonse. Dutsitsani bolopeni pa mzere wakunjawo. Dikirani inki iume kaye musanafufute pensulo ya mkatiyo, mukafulumira labala amakoka inki nkudetsa pepala lonse, apa ambiri amalira.

Zozungulira mawu: vindikirani mbale papepala muzungulize, mkati mwake kapu, mkati mwa kapu chitsekero cha botolo. Gawani ndi rula kanayi kudutsa pakati kuti zituluke zigawo 8. Mchigawo chilichonse bwerezani kachinthu kamodzi komweko, kaya tsamba, kaya mamba a nsomba, kaya duwa la nyika lija timaliona mmadambo a Elephant Marsh. Mawu akhoza kukhala pansi kapena pamwamba pa chozunguliracho.

Olo osafuna zozungulira, yang'anani pakhomo panu pomwepo. Malukidwe a lichero, mfundo za nzimbe, thonje lophulika mmunda, ngala za mapira, mlambe ndi nthambi zake zija, maluwa a pachitenje chanu. Mwambi wa nkhono uja umafuna nkhono yaikulu imodzi pakati, chigoba chake mwachigawa timagawo, basi pepala latha.

4. NTHAWI NDI MALO

Mu Okutobala ndi Novembala kuno kutentha kumadutsa madigiri 40, nde musayese n'komwe kukhala mnyumba ya malata 1 koloko masana nkumati mukupumitsa mtima, mungopsa mtima ndi pepala lonyowa. Nthawi yabwino ndi mmamawa dzuwa lisanakwiye, kapena cha mma 4 mpaka 5 koloko madzulo kusanade. Amayi ambiri mmamawa ndi nthawi ya kumjigo, kusesa ndi kukonzekeretsa ana, nde madzulo aja ndi amene amatheka, moto wa nsima usanayatsidwe.

Pansi pa mtengo wa nimu kapena pakhonde la kummawa madzulo pamakhala bwino. Panani pepala ndi mapegi pa chotsamira chanu kuti mphepo isaliulutse. Tsamirani khoma kapena tsinde, chotsamira chikhale pa mawondo, musawerame mpaka chibwano kugunda pachifuwa chifukwa mudzadzuka khosi likuwawa.

Usiku zimathekanso makamaka kwa amene tulo timawavuta, koma pali zake. Nyale ya sola imaitana tizilombo touluka, udzudzu nawo suchedwa, nde lowani muneti ndi tochi kapena kanyale ka sola. Kandulo kapena koloboyi muneti ayi ndithu, neti imayaka kamodzinkamodzi. Dziwaninso kuti pa kuwala kwa tochi wachikasu saoneka bwino, wabuluu woderapo ndi wapepo amafanana, nde sankhiranitu mapensulo kukuwala.

5. MPHINDI ZIWIRI MUSANAGWIRE PENSULO

Ikani foni pa silent, tcherani alamu ya mphindi 20, kenako foniyo muiike patali poti simungaifikire osadzuka. Ili pambali panu mudzangoti ndione kaye uthenga umodzi, basi zathera pompo.

Sankhiranitu mitundu itatu kapena inayi yokha, yotsalayo ibwezereni mpaketi. Zikuoneka ngati zazing'ono koma kusankha pa mitundu 12 mpata uliwonse nakonso ndi kuganiza. Musavutike ndi zoti mtundu wakuti umatanthauza chakuti, tengani omwe maso anu akuukonda lero, mlambe wapinki palibe adzakumangeni.

Tembenuzani pepala, kuseri lembani deti ndi nambala yosonyeza mmene mtima walemerera, 1 ndi wopepuka, 10 ndi wolemera zedi. Kenako kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, tulutsani pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6, kasanu. Kutulutsa kukhale kotalika kuposa kukoka, ndi kumene kumatsitsa kuthamanga kwa mtima. Werengani mawu anu kamodzi, mokweza ngati muli nokha.

6. KUCHEKENIRA KWENIKWENIKO

Ine ndimati yambani ndi zilembo, maluwa pambuyo. Mukayamba ndi maluwa nthawi imatha mawu musanawakhudze, nde pepalalo langokhala chithunzi wamba. Tengani chilembo chimodzi chimodzi, mukamaliza liwu lonse linenenso chamumtima. Sikuti muzibwereza mawuwo kosalekeza ayi, kungowaona pafupi nthawi yaitali chonchi kwakwana.

Ngati mumalembera kumanja yambirani kumanzere kumtunda muzitsika, amanzere ayambire kumanja, kuti dzanja lisamakhule pomwe mwamaliza. Kapepala kaja kakhale pansi pa dzanja nthawi zonse, kakanyowa sinthani. Thukuta likalowa mpepala pamalopo pensulo siigwiranso, ndipo mukakakamiza pepala limabooka.

Gwirani pensulo chapakati osati kunsonga kwenikweni, nde simungathe kukanikiza kwambiri. Yambani mmbali mwa mpata motsata mzere, kenako dzazani mkati ndi timizunguliro ting'onoting'ono topepuka. Mtundu umakwera ngati mmene timathirira ufa pophika nsima, pang'ono, nkuvundula, nkuonjezeranso, ukakhuthula wonse kamodzi zimachita mibulu. Mukakanikiza koyamba komweko pepala limasalala nkuyamba kunyezimira, pamenepo mtundu wina sungakwerenso. Yambani ndi mitundu yowala, yakuda pambuyo, chifukwa wachikasu sangaphimbe wabuluu koma wabuluu amaphimba wachikasu nkutulutsa wobiriwira, kwa amene paketi yawo wobiriwira anasowa ndi ana.

Posongola, lezala lizipita kutali ndi thupi lanu, ndipo nsonga isatalike kwambiri, ya mapensulo a mitundu ndi yofewa kuposa ya HB. Musawagwetse pa simenti, amathyokera mkati, nde mudzasongola nsonga nkugwa, kusongolanso nkugwanso mpaka pensulo kutha musanaigwiritse ntchito.

Amene muli ndi makrayoni okha musataye, akulungeni mkansalu konyowa kapena muwaike pafupi ndi mtsuko wa madzi kwa kanthawi musanayambe kuti alimbe. Mamaka a inki aja amalowerera mpaka kuseri kwa pepala la fotokope, ikani pepala lina pansi, ndipo tsekani chivindikiro mukangomaliza chifukwa kuno amauma msanga.

Tsopano za mutu. Maganizo abwera ndithu, fizi, chimanga chatha, mbuzi ija sinabwere dzulo, uthenga uja sanayankhe. Musalimbane nawo. Ganizo likakakamira tembenuzani pepala mulembe liwu limodzi lokha kuseri, "fizi", nkubwerera pa mpata munali. Mwaliuza kuti ndakuona, tikambirana alamu ikalira. Ena amadabwa kuti mphindi zisanu zoyamba maganizo amachita kuchuluka kuposa kale, ndi chifukwa choti tsiku lonse munali bize simumawamva, pitirizani amachepa okha.

Pakatipakati dzifufuzeni. Mano mwaluma? Mapewa akwera kufika mmakutu? Zala zayera chifukwa chofinya pensulo? Masulani, imwani madzi, pitirizani. Mukadumpha mzere musafufute, pensulo ya mtundu siifufutika bwino mungokhula pepala, zisiyeni choncho. Misozi ikabwera isiyeni ibwere, ingosunthani pepala.

7. KULEKEZA NDI KUSUNGA

Alamu ikalira malizani mpata muli nawowo basi, lekani. Pepala limodzi likhoza kukutengerani masiku angapo ndipo ndi bwino choncho, mawa muli ndi poyambira. Lembaninso nambala ija kuseri. Ikatsika ndi 1 kapena 2 zagwira ntchito. Ikakhala pomwepo masiku angapo otsatizana sinthani mawu kaye musanaganize kuti zonsezi nzachabe, nthawi zambiri vuto limakhala pamenepo. Ikamakwera nthawi zonse, siyani, si aliyense zimamuyanja, ena amapepukidwa ndi kuyenda, kuimba kwaya kaya kuluka.

Lomaliza liikeni pomwe mumayang'ana tsiku lililonse koma dzuwa silifika, chifukwa mitundu imafwifwa. Kuseri kwa chitseko, mkati mwa chivindikiro cha sutikesi, pafupi ndi kagalasi. Selotepu kuno imamatuka ndi kutentha, kamsomali kapena phini ndi bwino. Ngati mawu ake ndi a inu nokha osafuna alendo aziwerenga, lijambuleni ndi foni mulisunge mmenemo. Pakatha sabata ziwiri maso amazolowera simulionanso, lichotseni muike lina.

Otsalawo, mbewu ija pamodzi ndi mapensulo, asungeni mupulasitiki. Chiswe, mphemvu ndi mbewa zimakonda mapepala. Nyengo ya mvula ikayandikira, makamaka amene muli kufupi ndi mtsinje wa Shire, wa Mwanza kaya ku East Bank, aikeni mndowa ya chivindikiro momwe mumasunga ziphaso, mabuku a kuchipatala ndi masatifiketi, pamalo okwera.

8. ANA NDI ANZANU

Ana akaona mapensulo a mitundu simupuma, nde apangireni fotokope yawo ndipo muwapatse timapensulo tatifupi tomwe tatsala pang'ono kutha, paketi yanu ikhale yobisika. Auzeni kuti alamu isanalire palibe kufunsa amama kapena adadi kanthu pokhapokha ngati pali moto kapena njoka.

Pagulu zimatchipa. Amayi a banki m'khonde, a mvano kaya achinyamata a kalabu akhoza kusonkha kugula mapaketi awiri ndi kupanga fotokope zambiri. Lamulo likhale limodzi, palibe kuchongerana kapena kufunsa kuti bwanji mwasankha mawu amenewa. Wofuna kufotokoza afotokoza yekha.

ZOLAKWIKA ZOMWE ZIMABWERABWERA

Kusandutsa mpikisano. Mukayamba kuchekenira uku mukuganiza kuti pa status anthu akati chani, mwabwezanso sitiresi yomwe mumathawa. Kuposita si tchimo koma ena asiyeni akhale oipa, a inu nokha.

Kudikira zida zodula. Mapensulo a mgolosale omwe amagulira ana a pulayimale akwana. Ena amati ndidzayamba ndikadzapita ku Blantyre kokagula enieni, chaka nkutha asanakwere Thabwa.

Kudikira mpaka zinthu zitafika poipa. Tsiku lomwe mwakangana ndi amuna anu kapena abwana, manja akunjenjemera, si tsiku lophunzirira. Zolowerani masiku abwinobwino, kawiri katatu pa sabata, kuti tsiku loipalo dzanja lidziwe kale chochita.

Kumvera oseka. Adzanena ndithu kuti munthu wamkulu ndi ndevu zake akuchita za ana a nasale. Achimwene, amene akusekayo madzulo amakhala maola awiri pa bawo akusuntha njere, ndipo palibe amamufunsa. Ngati manyazi akuvuta chitirani mnyumba.

Kubisala kuseri kwa pepala. Mawu munalemba kuseri aja, fizi, ngongole, akudikirabe. Alamu ikalira sankhani limodzi muchitepo kanthu kakang'ono, olo kungoimbira foni msungichuma wa gulu kumuuza kuti Lachisanu mubweretsa theka. Mukamachekenira mapepala atatu patsiku uku mwini ngongole mukumuzemba, kumeneko si kupuma.

Kuiwala thupi. Mutu kuwawa, chizungulire ndi kufooka nyengo yotentha nthawi zina ndi kuchepa kwa madzi mthupi kapena malungo, osati maganizo. Imwani madzi, thupi likatentha kayezetseni.

Kuyesa kuti pepala ndi chipatala. Amene mukumwa mankhwala a BP, a khunyu kapena a matenda a maganizo musasiye chifukwa choti mwayamba kumva bwino. Ndipo ngati padutsa sabata ziwiri mukungokhala okhumudwa, tulo osabwera, chakudya osalowa, zomwe munkakonda osakusangalatsaninso, kapena mvula ikangogunda pa malata mtima umathamanga mpaka kulephera kupuma, pitani kuchipatala, kaya cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, ku Ngabu, ku St Montfort ku Nchalo, ku Trinity ku Muona, kaya chaching'ono chomwe muli nacho pafupi akakutumizani koyenera. Maganizo ofuna kudzipha akabwera musadikire sabata ziwirizo, uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe akuperekezeni. Mukafika musangoti mutu ukuwawa, fotokozani zonse, za tulo, za chakudya, za mantha, ndipo mapepala anu aja atengeni, manambala ndi madeti munalemba kuseri athandiza adokotala kuona kuti zinayamba liti.